Denga Lobiriwira la Mng'ono Wanga

Kwathu ku Chileka mwamuna ndiye amatsatira mkazi, choncho ine ndi mng'ono wanga tinamanga moyandikana pa malo a amayi. Pakati pa nyumba yanga ndi yake panali mtengo umodzi wa mango ndi kanjira kodutsa pansi pake. Mulungu akafuna kukuyesa sachita kukuitanira mdani wakutali. Amangokupatsa mng'ono wako amene zikumuyendera, n'kumukhazika pamalo poti uzimuona m'mawa uliwonse ukamasukusula.

Ine ndine mwana woyamba. Ndinakwatiwa ndi mlimi wa ku Chigaru, munthu wofatsa amene sathamanga ngakhale mvula itamupeza panjira. Mng'ono wanga anakwatiwa ndi munthu wa geni. Zaka zimenezo matipate anali atakhazikika, aliyense akugulitsa chimene wafuna, ndipo alamu angawo anayamba ndi kamulu ka kaunjika mumsika ku Blantyre mpaka kufika pomaodetsa mabelo athunthu. Chaka china titangokolola, lole inaima pansi pa mango paja itasenza malata obiriwira, mtundu umene ine ndinali ndisanauonepo. Amisiri anachokera m'tauni ndi wailesi yawo, ndipo pa masiku awiri okha denga linali litatha.

Ndisaname, linali denga lokongola. Linali lalitali, malata ake akutsika kuchokera pamsonga mpaka pa zipilala za khonde, khonde loti anthu khumi n'kukhalapo osagundana mawondo. Anthu ankati oyendetsa ndege akamatera pabwalo amayamba aona denga limenelo. Onena zimenezo sanakwerepo ndege chibadwire, koma ine zinkandilasa ngati zoona. Langa linali la malata adzimbiri, pamwamba titasanjapo miyala ndi tayala lakutha kuti mphepo isawatenge. Mlendo akafunsa njira ankauzidwa kuti mukapitirira nyumba ya miyala padenga, yobiriwira yotsatirayo ndi imeneyo. Ine mkulu ndinasanduka cholozera njira yopita kwa mwana amene ndinkamubereka kumbuyo.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi amayi. Chimwalirireni abambo, amayi ankagona m'nyumba mwanga, ndipo ine ndi amene ndinkawatenthetsera madzi osamba ndi kuwatikita miyendo. Denga lija litangotha, ananyamula mphasa ndi kathumba kawo ka zovala n'kudutsa pa mango paja. Anati kwanga kumadontha ndipo chifuwa chawo sichigwirizana ndi chinyontho. Sananame, kunkadonthadi. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinkawaona atatambalala pakhonde lija akusankha nyemba, akuseka ndi mng'ono wanga, ine ndikusesa pabwalo panga ndekha, tsache ndikulikanikiza ngati landilakwira.

Ine ndi amuna anga tinaumba njerwa zaka ziwiri. Ndinalumbira mumtima kuti nyumba yanga yatsopano idzakhala ndi denga loti mng'ono wanga azichita kukweza khosi poliyang'ana.

Mmisiri ndinamupeza chifukwa cha maliro. Dzinja lina mvula itangoyamba kunagwa zovuta kwawo kwa amuna anga, ndiye tinatsika minibasi pa Lirangwe n'kuyamba wapansi kulowera ku Chigaru. Masiku angapo m'mbuyomo kunali kutadutsa mphepo ya mkuntho. M'njira monse tinkaona nyumba zangotsala zipupa, malata atapindikapindika m'minda, anthu atayanika zofunda pamipanda. Amuna anga ankayang'ana nyumba zosasukazo n'kumapukusa mutu. Ine ndinkayang'ana zimene zinatsala. Zina zinali zakale, malata otuwa, padenga popanda mwala ndi umodzi womwe, koma zili chiimire ngati sikunachitike kanthu. Ndinapatuka katatu kukapempha madzi akumwa ndilibe ludzu, ndipo katatu konseko nditafunsa amene anakhoma malata, yankho linali limodzi. Anali bambo wina wachisilamu amene amapala matabwa kuseri kwa msika wa Lirangwe.

Chilimwe chitafika, zipupa zathu zili m'mawindo, ndinakwera minibasi ziwiri kukawafuna. Ndinawapeza pansi pa mthunzi akupala chitseko, bambo wamfupi wa ndevu zoyera, kofiya kumutu, pensulo atapanira kukhutu. Sanandifunse kuti malata ndi angati kapena kuti ndawadziwa bwanji. Anangofunsa ngati zipupa zatha. Nditati zafika m'mawindo anati ndachita bwino, chifukwa zikanakhala kuti zatha sakanabwera. Ndinaona ngati ndi matama a ukalamba.

Atafika kwathu nyumbayo sanaiyang'ane n'komwe. Anaima pabwalo manja kumbuyo akuyang'ana mitengo, kumene yapendekera ndi mbali imene nthambi zinathyoka. Anandifunsa chipupa chimene chimayamba kunyowa mvula yoyamba ikamagwa, ndiponso kumene timakatola udzu wa pakhitchini mphepo ikaumwaza. Ndinawalozera. Anati basi, mphepo ya kuno imachokera kudambo. Kenako anauza womanga nyumba yathu kuti aike waya wolimba m'chipupa, wopinda pawiri, patsale mizere inayi ya njerwa pamwamba pake. Anamuuza kuti azitero sitepe iliyonse kuzungulira nyumba yonse. Zipupa zitatha, mawayawo ankangolendewera pamwamba ngati ndevu za chimanga, ndipo anthu odutsa ankafunsa ngati tikukoka magetsi.

Tinakangana pa nkhani ya maonekedwe. Ine ndinawalozera nyumba ya mng'ono wanga n'kunena kuti ndikufuna lotero, koma lalitali kuposa pamenepo, ndi khonde loyang'ana kudambo kuti tizipitidwa mphepo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mayi, mphepo siphwanya denga kuchokera pamwamba ayi," anatero. "Imalowa pansi n'kulinyamula. Khonde lalikulu loyang'ana kumene imachokera ndiye khomo lake limenelo. Ngati mukufuna khonde, lidzakhale kumbali inayi, ndi kadenga kakekake kosalumikizana ndi nyumba. Mphepo ikalifuna ilitenge lokha, inu mutsale mukugona."

Ndinati ndalama ndi zanga. Iwo anati zoona, koma dzina ndi lawo, ndipo ku Chileka kulinso amisiri ambiri amene angandikhomere chimene ndikufuna. Anayamba kulongedza zida zawo m'thumba mosafulumira. Amuna anga, amene nthawi zambiri sayankhula, anandikumbutsa kuti ndine amene ndinamwa makapu atatu a madzi ku Chigaru. Ndinagonja, koma mtima uli pamwamba.

Ntchito imene anzawo a m'tauni anaitha masiku awiri iwo inawatengera sabata ndi theka, ndipo Lachisanu sanabwere chifukwa cha mapemphero. Mtanda uliwonse ankaumanga ndi waya uja n'kupotokola mpaka waya kulowa m'mtengo. Denga linali la mbali zinayi, lotsika, malata akungotulukira kunja kwa chipupa pang'ono. Misomali ankakhoma pamsana pa lata, m'mphepete yothithikana, kenako n'kulowa mkati kukaipinda umodziumodzi. Ine ndinkayang'ana denga langa, kenako la mng'ono wanga, ndipo ndinkaona kuti ndaumba njerwa zaka ziwiri kuti ndikhalebe wachiwiri.

Tsiku lomaliza masana anapempha madzi ndi malo oyera oti apempherepo. Pabwalo panga panali zidutswa za njerwa ndi utuchi paliponse, ndiye amayi anawaitanira pakhonde lija. Mng'ono wanga kunalibe, anali atapita m'tauni kukathandiza amuna ake kusankha zovala. Bambo aja atabwerako anandiitanira kuseri kwa nyumba, amuna anga ali pomwepo akutola misomali.

Anati popemphera paja anakweza maso n'kuona mmene denga lija linakhalira. Mitanda inangosanjikidwa pachipupa n'kumatidwa ndi dothi, waya palibe ndi mmodzi yemwe. Malata a khonde ndi a nyumba ndi amodzi, ndipo khondelo layang'ana kudambo. Lapulumuka zaka ziwirizi chifukwa mphepo yeniyeni sinadutse pano. Anati kukonza kwake n'kosavuta, kuboola chipupa m'munsi mwa mitanda, kulowetsa waya n'kumanga, ntchito ya tsiku limodzi yoti mmisiri aliyense angaigwire, koma ichitike mvula isanabwere.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sakanadikirira eni ake n'kuwauza okha.

"Mmisiri sanyoza ntchito ya mnzake pakhomo pamene sanaitanidwe," anatero. "Aziti nkhalambayi ikufuna ganyu. Koma inu ndi magazi amodzi, akumverani. Wakutsina khutu ndi mnansi, mayi. Mukawauze."

Ndinati ndikawauza. Ndipo pamene ndinkanena choncho ndinkanena zoona.

M'mawa mwake ndinadutsa pa mango paja uthenga uli kukamwa. Ndinapeza pakhonde pali amayi anayi a kumpingo kwathu akumwa tiyi, mng'ono wanga akuwaonetsa makatani atsopano. Atandiona anaseka, ndipo anati, "Achemwali, mwafika bwino. Timati tikufunseni, nyumba yanu ija yavala chipewa cha mwana kodi? Chikuoneka chothina." Onse anaseka. Amayi athu nawonso anaseka, n'kuwonjezera kuti nyumba yopanda khonde munthu wokalamba angakhale pati. Mng'ono wanga ndi wanthabwala chibadwire, ndipo ndikudziwa kuti sankafuna kundipweteka. Koma ine zinandipweteka. Ndinamwa tiyi wawo, ndinayamikira makatani, ndipo ndinabwerera kwanga uthenga ndili nawo.

Ndinadziuza kuti ndimuuza akakhala yekha. Anakhala yekha kambirimbiri. Tinkakumana kumjigo, kuchigayo, ngakhale pansi pa mango pomwepo tikuthamangitsa mbuzi. Nthawi iliyonse ndinkapeza chifukwa. Lero ndinkati aziona ngati ndikumuchitira kaduka. Mawa lake ndinkati amuna ake ali ndi ndalama, adziwa okha. Tsiku lina ndinkati nkhalamba ija mwina imangokokomeza. Koma pansi pa zifukwa zonsezo panali chimodzi chimene ndinkachidziwa bwino. Kwa nthawi yoyamba ndinali ndi chinthu chimene mng'ono wanga analibe. Ndikayang'ana denga lobiriwira lija silinkandipwetekanso ngati kale, chifukwa ndinkadziwa kuti langokhala pamenepo ngati mlendo. Sindinkafuna kuti ligwe. Ndinkangofuna kusunga kudziwako kanthawi pang'ono.

Kutentha kwa Okutobala kutafika, tsiku lina tikuchokera kokonza mizere kumunda, amuna anga anandifunsa ngati ndinamuuza mng'ono wanga za waya uja. Ndinayankha kuti ndinamuuza kalekale. Iwo anati chabwino, ndipo sanafunsenso.

Mphepo inabwera mu Novembala, masana dzuwa litapendeka. Kunali kutatentha kuyambira m'mawa moti nkhuku zinali zitangoyasamula kukamwa pansi pa nkhokwe. Kudambo kunada bii. Kunayamba kamphepo kozizira ka fungo la dothi lonyowa, kenako fumbi, kenako mango aawisi anayamba kuwirima pansi. Ndinathamanga kukanula zovala n'kulowa m'nyumba, ndipo ndikutseka windo la mbali ya kwa mng'ono wanga ndinaona denga lija likupuma. Linkakwera pang'ono chakukhonde n'kubwerera, kukweranso n'kubwerera. Kachitatu silinabwerere. Linanyamuka lonse ndi mitanda yomwe, linatembenuka m'mwamba, n'kukagwa chagada m'munda mwa amayi.

Ndinena chimene ndakhala ndikubisa. Pamene denga lija linkanyamuka, mumtima mwanga munadutsa kachimwemwe. Kanali kakang'ono ndipo sikanakhalitse, koma kanadutsa, ndinakamva bwinobwino. Kenako ndinamva mng'ono wanga akukuwa kuitana amayi.

Denga ponyamuka linagumula njerwa za pamwamba pa chipupa, ndipo zina zinagwera amayi paphewa ali chikhalire pamphasa. Tinawapeza atagona chammbali, mvula ikuwathira m'chipinda ngati ali panja. Ine ndi amuna anga tinawanyamula kudutsa pa mango paja, mng'ono wanga akutitsatira khanda lili kumsana, opanda nsapato. Titalowa kwanga n'kutseka chitseko, denga langa linkangolira ndi matalala, osagwedezeka ngakhale pang'ono.

Kuchipatala anati fupa la phewa lathyoka. Linapola, koma dzanja limenelo silinakwerenso kupitirira pachifuwa, moti duku ndinkachita kuwamanga ine m'mawa uliwonse. Mng'ono wanga anataya ufa, matiresi, makatani aja ndi matumba a feteleza amene anasungunuka pakona. Banja lonse linasamukira kwanga. Amayi anabwerera m'manja mwanga. Anthu ankabwera kudzazonda n'kuima pabwalo kuyang'ana denga langa lotsika lija, akufunsa amene analikhoma. Zonse zimene ndinkazifuna zinachitika pa sabata imodzi, koma sindinakondwere nazo.

Alamu anga sanachedwe. Anandifunsa kumene amakhala mmisiri wanga, ndipo m'mawa mwake anapita okha ku Lirangwe kukawatenga. Ndinayesa kunena kuti bambo aja ndi okalamba, nthawi ya mvula sayenda, koma palibe anandimvera.

Bambo aja anafika chakumasana, kofiya yomwe ija kumutu. Anazungulira zipupa zosasukazo, kenako analowa m'munda mmene munagwera denga, tonse tikuwatsatira, alamu, amuna anga, mng'ono wanga ndi ine. Anagwira mtanda umodzi n'kuwaonetsa alamu kuti sunathyoke, sunang'ambike, unangonyamuka wathunthu chifukwa panalibe chougwira. Ndiye anatembenukira kwa mng'ono wanga, ndipo anafunsa ndi mawu ofatsa, opanda kukalipa.

"Mayi, kodi uthenga wanga wa waya sunakupezeni? Ndinausiya kwa achemwali anuwa tsiku limene ndinkatsiriza kwawo."

Amuna anga sanadabwe, chifukwa ankakhulupirira kuti ndinamuuza. Mng'ono wanga anandiyang'ana kamodzi kokha, mwachidule, ndipo ndinaona kuti wamva zonse, kuyambira pa tiyi uja mpaka lero. Anakonza nsalu ya khanda lake paphewa.

"Unandipeza, bambo," anatero. "Achemwali anandiuza. Ine ndi amene ndinazengereza."

Alamu anapsa mtima pomwepo. Anamufunsa pamaso pa tonse kuti nkhani yaikulu chotere anaisungiranji osawauza, kuti kodi ankadikira kuti mwana afe kaye. Mng'ono wanga anangoweramitsa mutu. Bambo aja anandiyang'ana pang'ono, kenako anachotsa pensulo kukhutu n'kuyamba kuyeza mitanda imene ikanagwiranso ntchito. Ine ndinamusiya mng'ono wanga asenze mlandu wanga.

Nkhaniyo inafika kwa amayi tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo, dzanja likawawawa ankanena kuti ndi mphatso ya mwana wawo wamng'ono, wozengereza. Ankanena akuseka, koma ankanena kawirikawiri, ngakhale pali alendo. Kumjigo amayi ena ankamunena mng'ono wanga kuti chuma chinamulowa m'mutu mpaka kunyoza malangizo a mkulu wake. Ine ndinatchuka kuti ndine mayi wanzeru, woona patali. Denga la mng'ono wanga litakonzedwa, lotsika ngati langa, amayi sanabwerereko. Anati kwa mwana wawo wamkulu ndiye amagona tulo.

Panapita miyezi iwiri ndisanalimbe mtima. Tsiku lina tinapezeka awiriwiri kumjigo, iye akupopa, ine ndikugwirizira ndowa. Ndinati, "Iwe, za tsiku lija m'munda muja." Sanandilole kumaliza, ndipo sanasiye kupopa.

"Zisiyeni, achemwali," anatero. "Kwanga kunalibe denga. Amayi akanamva kuti ndinu, akanakagona kuti?"

Ndinamusenzetsa ndowa yake, ndipo anatsogola. Amayi anakhala nane zaka zisanu ndi chimodzi mpaka kumwalira kwawo, ndipo anapita akudziwa kuti wolakwa ndi mng'ono wanga. Iye sanawatsutse ngakhale tsiku limodzi, ndipo ine sindinawauze. Ndikanakonda mng'ono wanga akanandilalatira m'munda muja pamaso pa anthu onse, tikanafanana, tikanakangana n'kuiwala. Pa denga ndinamuposa, zimenezo aliyense amadziwa. Koma mtima umene anaonetsa tsiku limene lija ine ndilibe. Sindidziwa kumene anautenga popeza tinayamwa bere limodzi, ndipo mpaka lero ndimamuchitira nawo nsanje.